Katemera Tili Naye Kale, Koma Tikumuthawa

Mu 2023 makampani a Moderna ndi Merck adayamba kuyesa pa odwala ambiri katemera wa mRNA wolimbana ndi khansa ya pakhungu. Katemerayu wodwala aliyense amamupangira wakewake. Madokotala amatapa kachidutswa ka chotupa, n'kukonza uthenga wophunzitsa chitetezo cha m'thupi kuizindikira khansayo.

Anzanga ena kuno ku Balaka ayamba kale kudandaula kuti azungu adzatimana. Mwina adzatimanadi. Koma ine ndikuti manyazi atigwire.

Khansa imene ikutha amayi ku Ulongwe, ku Phalula ndi ku Ntaja ndi ya khomo la chiberekero. Katemera woiteteza, wa HPV, adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ulere. Nanga ife tikutani? Tsiku la katemera mwana timamujombetsa kusukulu, ati jakisoniyo amatseka kubereka. Musanamizire agogo akumudzi ayi. Bodzali timalifalitsa pa WhatsApp ndife ovala mataye, ife tomwe timakhala pampando wakutsogolo pamaliro a mayi wosiya ana asanu, n'kumapukusa mutu kuti boma silikuchitapo kanthu.