Kuwomba m'manja si kuvomera

Pamisonkhano ya Kamuzu Banda anthu ankawomba m'manja, Mbumba inkavina, ndipo akuluakulu a MCP ankakhulupirira kuti dziko lonse likufuna chipani chimodzi. Pa 14 Juni 1993 anthu omwewo, ataponya voti mwachinsinsi, anasankha nyali kusiya tambala wakuda. Oposa 60 mwa anthu 100 alionse amene anavota anafuna zipani zambiri. Ambiri anali atatopa kalekale, koma aliyense ankayesa kuti wotopa ndi iye yekha.

Matendawa sanathe. Angosamukira pansi pa mtengo, kumisonkhano ya makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, kaya ku Migowi kaya ku Chiringa m'boma la Phalombe. Kukabwera ndalama za CDF, amfumu amayamba ndiwo kulankhula, khansala n'kuthirira ndemanga, kenaka wapampando n'kufunsa ngati alipo wotsutsa. Angatsutse ndani, poti mawa dzina lake likufunika pamndandanda wa feteleza wotsika mtengo? Mayi amene amafuna mjigo amakweza dzanja kuvomera bwalo la mpira. Mnzake, poona dzanjalo, nayenso amakweza lake. Madandaulo amayambira panjira pobwerera kunyumba, zonse zitalembedwa kale m'buku.

Ku Phalombe zimenezi si zoseweretsa. Napolo wa 1991 ndi namondwe Freddy wa 2023 anasiya funso lovuta la malo oyenera kumangapo nyumba, ndipo funso lotere silingayankhidwe ndi m'manja.

Makomitiwa asinthe kachitidwe. Amfumu azilankhula pomaliza, amayi ndi achinyamata azikambirana kaye paokha, ndipo nkhani ya ndalama izivoteredwa papepala lopinda.