Mkangano wa msonkho wa massa: kodi ukumukhudza bwanji mlimi wa ku Tsangano ndi Angónia?

Mayiko a America ndi Italy akhala akukokanakokana pa nkhani ya massa, chakudya cha ufa wa tirigu chomwe ena amati sipageti kapena makaroni. Mu Seputembala 2025, unduna wa zamalonda ku America unanena kuti makampani 13 a ku Italy adzilipira msonkho wapadera wa 91.74 peresenti, pamwamba pa 15 peresenti yomwe katundu wa mayiko a European Union ankalipira kale nthawi imeneyo polowa m'dzikolo. Zikanatero, msonkho wonse ukanafika pafupifupi 107 peresenti, ndiye kuti ukanaposa mtengo wa massayo.

Undunawu unati makampani awiri omwe unawafufuza, La Molisana ndi Garofalo, sanapereke zikalata zokwanira zosonyeza mitengo yawo. Makampaniwo anakana mlanduwo ndipo anapereka zikalata zina. Kumayambiriro kwa Januwale 2026, boma la Italy linalengeza kuti America yatsitsa msonkhowo: 2.26 peresenti kwa La Molisana, 13.98 kwa Garofalo ndi 9.09 kwa ena 11 otsalawo. Mkanganowu ndi wakale ndithu, chifukwa America inayamba kuika msonkho wotere pa massa a ku Italy ndi Turkey mu 1996.

Milandu imakhala iwiri

Mlandu woyamba ndi wogulitsa kunja motchipa kuposa kwanu. Tiyerekeze kuti fakitale ikugulitsa paketi pa mameticali 60 m'dziko lake, koma ikawoloka malire ikugulitsa paketi yomweyo pa 40. Opanga massa m'dziko lolandiralo sangapikisane nayo, ndipo akatseka mafakitale awo, wakunjayo amatha kukweza mtengo mmene akufunira.

Mlandu wachiwiri ndi wa thandizo la boma. Boma likapatsa fakitale ndalama, ngongole yofewa kapena likaichotsera misonkho kuti igulitse kunja, mtengo wa katundu wake umatsika chifukwa cha thumba la boma, osati chifukwa choti fakitaleyo ikugwira bwino ntchito.

Malamulo a bungwe loona za malonda padziko lonse la WTO, lomwe Mozambique inalowa mu 1995, salola dziko kungodzuka n'kuika msonkho wachilango. Liyenera kufufuza kaye n'kusonyeza zinthu zitatu: kuti mtengo ndi wosalungamadi, kuti mafakitale a m'dzikolo avulala, komanso kuti chawavulaza ndi katunduyo. Msonkhowo umatha pakapita zaka 5, pokhapokha kafukufuku watsopano atasonyeza kuti vuto libwerera.

Anzathu a kumwera anachita kale

Nkhani yonga yomweyi inachitika pafupi ndi ife. Opanga massa m'mayiko a mgwirizano wa SACU, omwe ndi South Africa, Botswana, Namibia, Lesotho ndi Eswatini, anakadandaula ku bungwe la ITAC la ku South Africa. Mu 2021 kunaikidwa msonkho wongoyembekezera, ndipo mu 2022 unakhazikika: pafupifupi 43 peresenti pa massa a ku Egypt, 4 pa a ku Latvia, 12 pa a ku Lithuania ndi 367 pa a ku Turkey. Dziko la Turkey ndi lachiwiri kwa Italy pogulitsa massa kunja, ndipo limalola mafakitale ake kulowetsa tirigu popanda msonkho ngati chomwe apange chikupita kunja.

Mozambique sili mu SACU, choncho msonkho umenewu sugwira ntchito pa madoko a Maputo, Beira ndi Nacala. Wamalonda akamutsekera khomo limodzi amafuna lina, ndipo fakitale yomwe yataya msika ku Durban iyang'ana mayiko oyandikana nawo. Ichi n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yathunso.

Wopindula ndani, woluza ndani?

Kwa mayi wa ku Tete kapena Moatize amene akufuna kudyetsa ana ndi ndalama zochepa, massa otchipa ndi mpumulo. Sachedwa kupsa ndipo satha makala ambiri. Msonkho wa 367 peresenti amene amaulipira pamapeto pake ndi wogula, ndipo zimenezi sitingazibise.

Kwa mlimi nkhani ndi ina. Mbale ya massa ikalowa m'nyumba, tsiku limenelo mbatatesi, chimanga kapena mpunga sizigulidwa. Mlimi wa mbatatesi ku Angónia akupikisana ndi chakudya chomwe mtengo wake mwina watsitsidwa ndi boma la kutali, pamene iye feteleza, mbewu ndi galimoto yopita kumsika akulipira yekha.

Koma tisanamizane kuti msonkho pawokha ungapulumutse mlimi. Mozambique ili ndi mafakitale ake a ufa ndi massa, monga Companhia Industrial da Matola ndi Merec, koma pafupifupi tirigu yense amene dziko lino limagwiritsa ntchito amabwera pa sitima kuchokera kunja. Tsangano ndi amodzi mwa madera ochepa omwe amalima tirigu, ndipo wochuluka mwa tiriguyu amathera m'misika ya kuno kumalire. Msonkho pa massa akunja ungateteze fakitale ndi antchito ake, koma mlimi wa ku Tsangano sangaonepo kanthu ngati fakitaleyo sigula thumba ngakhale limodzi kwa iye. Chitetezo chilichonse chomwe boma lingapereke kwa mafakitale chiyenera kuyendera limodzi ndi pangano logula tirigu wa kuno, mbewu yoyenera ndi msewu wodutsika nyengo ya dzinja.

Kutseka malire mwaukali nakonso kuli ndi mtengo wake. Mu Marichi 2025 Malawi inaletsa katundu wina wakunja, ndipo mu Epulo Tanzania inabwezera poletsa zokolola za ku Malawi ndi South Africa. Chiletso cha Tanzania chinachotsedwa patapita masiku ochepa, koma nthochi ndi tomato siziyembekezera zokambirana za nduna, ndipo amene anataya katundu anali amalonda ang'onoang'ono.

Mphamvu ili m'zolemba

Pa milandu yonseyi, chomwe chinagamula ndi zolemba. Makampani a ku Italy anatsitsiridwa msonkho atapereka zikalata, ndipo opanga massa a SACU anamvedwa chifukwa anali ndi umboni wa mitengo ndi wa zomwe anataya. Malonda ambiri a pa Zóbuè, Calómuè ndi Biri-Biri amayenda popanda cholembedwa, ndiye mtengo wa chimanga kapena mbatatesi ukagwa, mlimi alibe chokasonyeza ku boma.

Magulu a alimi angayambe nyengo ino kulemba m'kope zomwe awononga pa hekitala, mtengo womwe agulitsira mwezi uliwonse, ndi komwe kwachokera katundu amene akupikisana naye. Zolemba zotere ndi zomwe alangizi a SDAE, Instituto de Cereais de Moçambique kapena bungwe la alimi la UNAC angapite nazo ku Maputo. Popanda zimenezo, pokambirana za msonkho adzamveka mawu a eni mafakitale ndi oitanitsa katundu okha.