ZA M'MAKOMBONI: Dotolo wophunzira kunja alekeranji kuyamba nchito?

Sabata latha ndinaceza ndi mai wina wacikulire pa msika wa Chawama muno mu Lusaka. Maiyu anacokera ku Petauke atasenza thumba la nshawa ndi nkhuku ziwiri, kudzaona mwana wace amene anabwerako ku China, kumene anatha zaka 6 akuphunzira udotolo. Kumudzi anthu anali atayamba kale kumucha "amace a dotolo". Koma atafika anapeza mnyamatayo akusungidwa ndi amalume ace m'kacipinda kamodzi, mabuku ali mbwee pamphasa, cipatala ca Chawama akungocipenya ndi maso.

"Tinagulitsa ng'ombe zinai ndi ngolo yomwe," anatero maiyo. "Kodi mwanayu anatinamiza? Ngati anapambana, alekeranji kuvala coyera ndi kuyamba kuona odwala?"

Owerenga athu, funso limeneli lili m'mitima ya makolo ambiri, cifukwa ana athu ali ku China, ku Russia, ku Cuba ndi maiko ena kufunafuna udotolo. Mnyamata uja sananame ai. Pepala la ku yunivesite ya kunja lionetsa kuti munthu anaphunzira, koma cilolezo cogwira wodwala m'dziko la Zambia cimaperekedwa konkuno.

Kuphunzira kunja si cinthu cacilendo. Pamene tinalandira ufulu mu 1964 tinalibe sukulu ya udotolo. Sukulu yotere ya University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo oyamba kutsiriza anaturuka mu 1973. Kufikira nthawi imeneyo dotolo aliyense amene anatipima, wakuda kapena woyera, anali wophunzira kunja. Cimene Boma lifuna ndico kudziwa bwino amene lim'patsa moyo wa anthu ace.

Mlonda wa pakhomo limeneli ndi kabungwe ka Health Professions Council of Zambia, kamene likulu lace lili mu Lusaka. Kale kanali kuchedwa Medical Council of Zambia, ndipo dzina latsopanoli linadza ndi lamulo la 2009. Kabungweka kasunga buku la maina a madotolo onse ololedwa. Amene dzina lace mulibe m'bukumo, angakhale akhale ndi mapepala odzaza sutukesi, pamaso pa lamulo sali dotolo.

Njira yolowera m'bukumo iyenda motere. Coyamba, mapepala apita ku Zambia Qualifications Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Iwo afufuza ngati yunivesiteyo iliko ndithu, ngati iloledwa ndi boma la kwao, ndiponso ngati mwanayo anaphunziradi kumeneko. Mapepala olembedwa m'Chirasha kapena m'Chichaina ayenera kutembenuzidwa m'Cingerezi. Apa pamafunika kudekha, pakuti yankho liyenera kucokera kutsidya la nyanja.

Caciwiri, mwanayo alemba mayeso a kabungwe ka madotolo. Apa ndi pamene mnyamata wa ku Chawama uja wafika, ndipo mabuku aja ali pamphasa ndiwo umboni wace. Wolephera aloledwa kukonzekanso ndi kuyesanso.

Cacitatu, akapambana alembedwa mwa kanthawi, nayamba kugwira nchito pansi pa maso a madotolo akuluakulu m'cipatala covomerezedwa, monga University Teaching Hospital kapena cipatala cacikulu ca ku Chipata. Azungulira m'zigawo zinai: ca matenda a akulu, ca opareshoni, ca ana, ndi ca azimai apakati. Akuluwo akacitira umboni kuti manja ace akhwima, ndipo alembedwa kotheratu. Ngakhale pamenepo, caka ndi caka ayenera kutenga ciphaso catsopano ca nchito. Dotolo amene anagwirako kale nchito kunja abweretsanso kalata ya kabungwe ka dziko limenelo yonena kuti alibe mlandu, ndipo mlendo wosakhala mbadwa ya Zambia afunikanso cilolezo ca nchito cocokera ku Immigration.

Ena adzati, kuvutitsana konseku n'kwa ciani pamene odwala ali pa mzera kuyambira mamawa? Nzoona, madotolo ticepekedwa nawo. Koma taganizani. Mwana amene waphunzira m'dziko la cisanu angathe kutsiriza zaka zace zonse osaonapo mwana wokomoka ndi malungo, osaonapo likodzo, osaonapo munthu wa kolera. Koma ife tikumbuka kolera imene inabuka mu Lusaka mu October 2023, imene inasautsa kwambiri makomboni, kufikira bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala mu January 2024. Pa nthawi yotere dotolo ayenera kudziwa ndi maso okha kuti madzi atha m'thupi la munthu. Mayeso ndi miyezi ya kuyang'aniridwa zilipo kuti mwana wathu akumane ndi matenda akwathu ali ndi wamkulu pambali pace. Ndipo si Zambia yokha icita zimenezi. Dotolo wophunzira ku Ridgeway akafuna nchito ku Britain sangayambe popanda kulembedwa ndi General Medical Council, ndipo ku Malawi kulinso Medical Council of Malawi.

Tsono kwa inu makolo amene mwana wanu akali kunyumba ndi pepala la Giredi 12, mau anga ndi awa: safunsa anadya phula. Musanatulutse ng'ombe m'khola, tumani mwanayo kapena mbale wa m'tauni akafunse ku kabungwe ka madotolo ndi ku Zambia Qualifications Authority ngati sukulu imeneyo aizindikira, ndiponso ngati magiredi ace a sayansi akwanira. Musakhutire ndi zithunzi zokongola zimene anthu ofuna ndalama aonetsa pa foni, pakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Amene afuna thandizo la Boma akafunse ku Higher Education Loans and Scholarships Board. Uzani mwana asunge pepala lililonse la zotsatira za caka ndi caka. Ophunzira athu amene anathawa nkhondo ku Ukraine mu 2022 adziwa kuti sukulu ingaduke pakati mosayembekezera. Ndipo powerenga ndalama, ikanipo za kulipira mabungwe awa ndi za cakudya ca miyezi ya kudikira.

Kwa inu amene mwana wabwerako kale, cenjezo langa ndi lalikulu koposa. Musam'kakamize kuti abweze ng'ombe msanga. M'komboni anansi sacedwa kugogoda usiku ndi mwana wotentha thupi, ndalama ili m'manja. Mnyamata akalola kulasa nyeleti kuseri kwa citseko asanalembedwe, wapalamula mlandu wa faindi kapena ndende. Wodwalayo akafa, zaka 6 ndi ng'ombe zinai zapita pamodzi naye. Inunso odwala, muli ndi ufulu wofunsa ciphaso ca aliyense wodzicha dotolo.

Zonsezi ndinafotokozera mai uja titakhala pa benchi la wogulitsa tomato. Anakhala cete kanthawi, nafunsa ngati mayesowo afuna ndalama. Nditavomera, anamasula mfundo ya citenje nawerenga zimene anasungira basi ya kubwerera. Kenaka anati nkhuku imodzi agulitsa pompo pamsika, inayo aphera mwana wace kuti awerenge ndi mphamvu.