Foni unagula wekha, nanga alendowa anawaitana ndani?

Sabata yatha azakhali anga anamukalipira mdzukulu wawo mpaka mwana analira. Mlandu wake, ati wawathera bandulo. Anaigula madzulo kuti m'mawa alankhule pa WhatsApp ndi kasitomala wawo wa ku Limbe, amene amatenga matemba ouma kuno ku Kachulu. Kutacha, bandulo yatheratu. Pomwe ankapeza ndalama ya mayunitsi ena, kasitomala uja anali atagula kale kwa wina.

Mwanayo analumbira kuti foni sanaigwire, ndipo ankanena zoona. Nditatsegula Settings n'kuona pa data usage, akubawo ndinawapeza ali ndandanda: sitolo ya ma app yachiwiri yodzipangira update usiku, ka app ka magemu, ndi browser ina imene ntchito yake n'kutumiza miseche ya anthu otchuka akunja. Azakhali sanaikemo ngakhale imodzi. Zonse zinabwera ndi foni m'katoni.

Kampani yake sinditchula, chifukwa khalidweli ndi la ambiri. Amene ndakwiya nawo kwenikweni ndi ife, anzanga opita ku yunivesite, amene tikamva nkhani yotere timangoti, "Aa, ndi mmene mafoni alili." Eti? Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kuchoka. Nanga mlendo wosaitanidwa, wodya ndiwo zako usiku, amene ukafuna kumuthamangitsa upeza batani la uninstall palibe, ameneyo ndi mlendo?

Browser imene mwaipeza kale m'foni siinagwe kumwamba. Malo amenewo amagulidwa. Pa mlandu wa boma la America ndi Google zinaululika kuti mu 2021 mokha kampaniyi inalipira madola 26.3 biliyoni kuti Google Search ikhale yoyambirira m'mafoni ndi m'ma browser. Mu 2018 European Commission inalipitsa Google chindapusa cha ma euro 4.34 biliyoni, mwa zina chifukwa chokakamiza opanga mafoni a Android kuikiratu Chrome ndi Google Search. Lero munthu wa ku Ulaya akayatsa foni yatsopano amafunsidwa kuti asankhe yekha. Wa ku Jali kapena ku Chisi safunsidwa kanthu. Amangolandira.

Ndipo nthawi zina zobwera m'katonizi zimaluma zenizeni. Mu 2020 akatswiri a Secure-D anapeza kuti mafoni a Tecno W2 pafupifupi 53,000, ogulitsidwa m'mayiko ngati Ethiopia, Ghana ndi South Africa, anali ndi pulogalamu yoipa yotchedwa Triada, imene inkayesa kulembetsa anthu zinthu zolipira iwo osadziwa. Eni ake a Tecno, a Transsion, anati vutolo linalowera kwa wina amene ankagwira naye ntchito, ndipo analikonza. Foni ya azakhali si ya mtundu umenewo, koma nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti "zinabwera ndi foni" sizitanthauza kuti "n'zabwino".

Ndikudziwa chimene ena munene. Muti ma app amenewa ndi amene amatsitsa mtengo wa foni, popanda iwo mayi wogulitsa matemba sakanaikwanitsa. Mwina n'zoona ndithu. Koma ngati ndi choncho, atiuze pogula. Ngongole imene wobwereka sakuidziwa, yobweza pang'onopang'ono ndi bandulo, batire ndi malo a zithunzi, imeneyo ndi katapila. Kuno kutchajitsa foni kumalipiridwa. Nyanja yathu ya Chilwa inaphwa mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018. Ndalama ya nsomba siibwera chaka chilichonse, ndiye wina azidya mwakachetechete?

Tsono browser sankhani nokha, mukudziwa chimene mukusinthanitsa. Opera Mini imapulumutsa data chifukwa masamba amayamba adutsa pa makompyuta a kampaniyo n'kuchepetsedwa. Pa netiweki yofooka ya kunyanja kuno imathandiza, koma nayo ili ndi zotsatsa zake, ndipo za ku banki ine sindichitira pamenepo. Firefox ya pa Android imalola kuika uBlock Origin, imene imatseka zotsatsa. Brave imazitseka yokha. Chrome ndi yodalirika, koma Lite mode yake yopulumutsa data anaichotsa mu 2022. Yangwiro palibe. Mukasankha, lowani Settings, Apps, Default apps, muike yanuyo pa Browser app.

Alendo aja, amene akulola uninstall achotseni. Okana, dinani Disable. Okana zonse ziwiri, atsekereni background data ndi notifications, akhale ndi njala. Mu Play Store ndi m'sitolo ina iliyonse, zimitsani auto-update kapena muike pa Wi-Fi basi. Koma chonde Google Play services, Android System WebView ndi SIM Toolkit musazikhudze, mungadzandinene kuti ndakuonongerani foni.

Izi ndi za mphindi khumi zokha. Ife timapanga pa mafoni athu, kenako n'kumaseka makolo kuti sadziwa foni. Digiri yanji imene singapulumutse bandulo ya azakhali ako? Ukapita kumudzi weekend ino, aise, pempha foni ya amayi, khala nawo pakhonde, uwaonetse chimene ukuzimitsa ndi chifukwa chake, kuti mawa adzathandize anzawo a kumsika.

Ndipo tisathere pa Settings. Dziko lino lili ndi MACRA, lili ndi Competition and Fair Trading Commission, lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024. Tiwalembere, tiwafunse chifukwa chake foni yogulitsidwa ku Malawi imabwera ndi ma app osachotseka, odya data mwini wake ali mtulo. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Azakhali anamupepesa mdzukulu wawo ndi mandasi awiri. Matemba aja anagulitsa motchipa kwa wina wa ku Zomba, ndipo pa ndalama imene anataya palibe anabwera kudzawapepesa.