Nyumba ya agogo yatiyambanitsa

Azakhali,
Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimakhala kwa Ntaja ku Machinga. Tikukhala m'nyumba ya mdindo imene anasiya malemu agogo, yomangidwa amayi anga ali mtsikana. Ndimaizira chaka ndi chaka. Tsopano amuna anga agulitsa nandolo ndipo akufuna kuipaka pulasitala wa simenti, ati atopa ndi kusekedwa. Amayi akukanitsitsa, akuti mkamwini asawaonongere nyumba. Panopa awiriwa sakulankhulana. Ndikhale mbali iti?
Wothedwa nzeru, Ntaja

Mwana wanga,
Pa za simentizo amayi ako akunena zoona. Khoma la dothi limamwa chinyezi m'dzinja n'kuchitulutsa dzuwa likawala. Simenti sigwirana bwino ndi dothi. Imachita ming'alu, madzi n'kulowa, koma potulukira palibe. Kunja kumaoneka bwinobwino pamene mkati khoma likufewa, chiswe nacho chili kalikiliki osaoneka. Tsiku lina pulasitalayo amangoti khuu, atatenga ndi dothi lomwe.

Komatu amuna akowo usawagwetse ulesi. Ndi angati amene amaika ndalama zawo pa nyumba ya kuchikamwini?

Ndalamazo ziyambire kudenga. Mvula ngati ya mu Januwale 2015, kapena ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, imagwetsa nyumba yadothi ponyowetsa tsinde lake masiku angapo osalekeza. Choncho denga litulukire kunja mokwanira kuti madzi azigwera kutali ndi khoma. Khonde likwezedwe kuzungulira nyumba yonse, lopendekera kunja, ndipo mukumbe ngalande. Ngati simentiyo aikonda kwambiri, ipite pakhondepo.

Pakhoma matani dothi losakaniza ndi mchenga komanso udzu wodulidula, paja makande okhaokha amang'ambika akauma. Likauma pakani njereza. Simusowa kupita kutali, amaotcha kumapiri a Chenkumbi ku Balaka konkuno. Ikhale yamadzimadzi, muyambe mwawaza madzi pakhoma, ndipo mupake kawiri kapena katatu, kudikira kuti iume kaye. Pakani m'mawa, osati dzuwa lili paliwombo. Njereza imaotcha maso ndi khungu, ana atalikire. Nyumba idzayera mbee, osekawo adzayamba kufunsa mtengo wa thumba. Muzibwereza chaka chilichonse mvula isanagwe.

Zonsezi ukawauze amuna ako muli awiri, amayi palibe. Akavomera, apite okha kwa apongozi awo akapemphe kuti awalozere pamene agogo ankakumba mtsiro.
Azakhali