NSAGWADA ZA CHITSULO ZILIPO, KOMA TISUNGE ZATHU

Poyendera zitsime ndi zimbudzi ku Kaning'ina kuno ku Mzuzu, ndinapeza bambo ena atafunda nsalu kumaso dzuŵa likuswa mtengo. Iwo anali ndi chotupa pansagwada chimene anakhala nacho zaka ziŵiri. Nditaŵafunsa chimene chinaŵaletsa kupita kuchipatala, anati chotupacho sichipweteka, ndiponso mwana wawo anaŵauza kuti masiku ano makina amapanga nsagwada zatsopano.

Mwanayo sananame. Mu 2011 madokotala a ku Netherlands anaika nsagwada yam'munsi ya chitsulo cha titanium m'kamwa mwa mayi wa zaka 83. Poyamba amajambula mutu wa wodwala, kompyuta n'kulemba maonekedwe a fupa. Kenaka makina amayala ufa wa chitsulo pang'onopang'ono, kuŵala kwamphamvu n'kumausungunula, mpaka fupa lachitsulo litatuluka lofanana ndi lakale.

Tsopano akatswiri akufufuza chitsulo china chotchedwa nitinol, chosakaniza nickel ndi titanium. Chikapindidwa chili chozizira, chimabwerera m'maonekedwe ake chikafunda. Chimagonjerako monga lichitira fupa, pamene titanium ndi wouma kwambiri, kotero kuti amasenza katundu yense ndipo fupa loyandikana naye limafooka. Waya wake amagwira kale ntchito yowongola mano, koma za nsagwada yosindikizidwa ndi chitsulochi akali kuyesa.

Nzeru zimenezi ndikuziyamikira, koma ndikunena mosabisa kuti ife sitiyenera kutsamirapo. Ntchitoyi imadya ndalama zambiri ndipo imafuna akatswiri ochuluka, pamene Malaŵi anayamba kuphunzitsa yekha madokotala a mano mu 2019. Ndiponso chitsulo sichimva kutentha kwa phala monga mnofu umene munabadwa nawo. Chotupa chikafika kwa dokotala chili chaching'ono amadula pang'ono, koma chikakula nsagwada yonse imapita.

Chifukwa chake, aŵerengi okondedwa, kumbukirani izi:

1. Chotupa cha pansagwada, chopweteka kapena chosapweteka, musatemerepo mphini. Pitani kuchipatala chapafupi, ndipo akakutumizani ku Mzuzu Central Hospital musazengereze.

2. Mwana akatupa tsaya mofulumira, mano n'kumagwedera, ikhoza kukhala khansa ya Burkitt. Khansa imeneyi imamva mankhwala ikapezeka msanga.

3. Mwana wonyentchera akakhala ndi zilonda zonunkha m'nkhama, thamangani naye tsiku lomwelo. Matenda a noma amadya tsaya m'masiku ochepa.

4. Pokwera njinga yamoto ya kabaza valani chipewa chophimba ndi chibwano chomwe, ndipo mangani lamba wake.

Bambo aja anavomera kupita kuchipatala m'maŵa mwake. Ngati mnansi wanu akubisa nkhope m'nsalu, mukumbutseni kuti mbeŵa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mumperekeze.