Mlamba Ukakwera ndi Madzi Oyamba

Kwa Mfumu Msoro, m'boma la Mambwe, palibe nsomba yodziwika koposa mlamba. Mwana asanayambe sukulu amadziwa kale ndevu zace zisanu ndi zitatu, mutu wace wophwatalala, ndi minga ija ya m'mbali imene imalasa dzanja la munthu wosasamala. Ku America kuli mbale wace wamng'ono, dzina lace bullhead, wa ndevu ndi khungu loterera cimodzimodzi. Koma wathuyu amamposa pa msinkhu.

Taonani m'mwezi wa Okutobala, mtsinje wa Lupande utasanduka mcenga ndi timathamanda ta matope. Nsomba zina zimayandama mimba kumwamba cifukwa ca kusowa mpweya, koma mlamba umakhalabe moyo. M'mutu mwace muli ciwalo cooneka ngati kamtengo ka nthambi zambiri, cimene umapumira naco mpweya wa kunja monga ife anthu. Thamanda likaphwa, umakhoza kukwawa usiku pa nthaka yonyowa, kudzikankha ndi minga yace, kufikira utapeza madzi ena. Nkhwazi ndi ng'ona zimadyako, anthu nawonso amavuula, komabe yotsala imakwanira kudzaza mtsinje caka camawa. Abale athu a mpingo wa Sabata saudya popeza ulibe mamba. Ameneyo ndi mlandu wao ndi buku la Levitiko, ife sitilowererapo.

Tsono nsomba yopirira cotere ili ndi nthawi imodzi imene imasowa podzichinjiriza. Mvula yoyamba ikagwa, madzi nasefukira m'madambo, milamba imakwera usiku m'magulu kukaikira mazira pa udzu womizidwa, m'madzi osafika ndi m'mawondo momwe. Waukazi umodzi umataya mazira zikwi zambirimbiri, ndipo amaswa pasanathe masiku awiri. Pa usiku wotere munthu safuna mbedza kapena mono. Cikwanje ndi muuni zikwanira. Dengu limadzaza msanga, inde, koma tang'ambani mimba ya nsombazo muone cimene mwapha. Muli ndiwo za mudzi wonse za m'cilimwe.

Ndico cifukwa cace Boma, kupyolera mu Dipatimenti ya Nsomba, limatseka usodzi m'madzi ambiri a dziko lino kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto a Febuluwale. Ena amadandaula kuti miyezi imeneyi ndiyo ya njala, ufa utatha m'nkhokwe ndipo cimanga cisanache. Dandauloli ndi loona, sitingalikane. Koma ndiyonso miyezi imene bowa, bonongwe ndi nkhwani zimapezeka, pamene m'Seputembala, masamba onse atauma, mlamba wowamba ndiwo umapulumutsa nsima ya ana.

Coipa copambana ndi ici ca kuthira mankhwala a thonje m'thamanda. Lamulo la usodzi la caka ca 2011 limaletsa kupha nsomba ndi mankhwala akupha, ndipo ngakhale pakadapanda lamulo, thamanda lomwelo ndilo amai amatungapo madzi, mbuzi zimamwanso pomwepo. Masikito nawo anagawidwa kuti atichinjirize ku malungo. Akalowa m'madzi amakokolola ndi tiana ta nsomba tosakwana cala.

A nyakwawa ndi nduna za Mfumu amadziwa dambo liri lonse limene milamba imakwerako, amadziwanso eni ace a miuni ija. Nkhaniyi ikambidwe pa bwalo mitambo isanayambe kucita mdima.